Mtolo wa Esinati

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 1 pasukulu ya mishoni kwathu kwa Malengachanzi, dziko likadali m'manja mwa azungu. Denga la sukuluyo linali la udzu, ndipo linawola moti dzinja lonse tinkaphunzira titaunjikana pakona ngati anapiye, masileti titawafungatira. Udzu utakhwima kudambo, aphunzitsi athu a Mwale anatigawa anayianayi. Gulu lililonse linayenera kutula mitolo makumi awiri pofika Lachisanu, ndipo iwo ankafuna kuona aliyense akulowa ndi mtolo pamutu m'mawa uliwonse. Wobwera chimanjamanja, anatero, abwerere akathandize makolo.

M'gulu lathu munali ine, Agnesi, Lute ndi Esinati. Tsono Esinati anali ndi matekenya mapazi onse awiri. Zala zinatupa, ankayendera zidendene, ndipo akaponda kamwala ankaluma mlomo. Chinanso, bambo ake, amene anali msodzi, ankangodikira chifukwa chomusiyitsira sukulu, ati mwana wamkazi ntchito yake n'kuviika chinangwa. Akanangobwezedwa tsiku limodzi, za sukulu zikanathera pomwepo.

Lolemba tinapita naye kudambo. Njira inkadutsa m'minda ya mpunga yokololedwa kale, ndipo ziputu zinkabaya ngakhale ife a mapazi abwino. Tinafika belu litalira kalekale, m'khosi mukuyabwa, anzathu akutiseka kuti tikuperekeza mkwatibwi. Lute, amene sankadziwa kumeza mawu, anati tikapemphe munthu wina m'malo mwa Esinati. Esinati anamva ndithu, koma anangozyolika.

Nzeru inachokera kwa Agnesi. Kuyambira Lachiwiri Esinati sanapitenso kudambo. Ankatidikira pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi, akusenda luzi ndi kutipotera nkhata. Atatufe tinkalawira, kumweta udzu wa anthu anayi n'kuumanga mitolo itatu yonenepa, yoti khosi linkalowa m'mapewa. Pamango paja tinkamasula, Esinati n'kumanganso mitolo inayi, kenaka tonse n'kulowa pabwalo la sukulu mondondozana ngati anthu osalakwa. Lute ankang'ung'udza njira yonse, koma mtolo wolemera kwambiri ankaulanda yekha. Ndi iyenso amene ankamwaza tinjere ta udzu m'tsitsi la Esinati kuti azioneka wochokera kudambo.

Chimene tinaiwala ndi mame. Inali nyengo yozizira, ndipo ife tinkafika zovala zitanyowa mpaka m'chiuno, pamene diresi la Esinati linali louma gwa. Lachinayi a Mwale anatiimitsa pakhomo, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi kuyambira kumapazi.

"Kodi Esinati, kudambo kwanuko mame amasankha anthu?"

Esinati anali atayamba kale kulengeza misozi. Amene anatsegula pakamwa ndi Lute yemwe uja.

"Aphunzitsi, udzuwo tamweta ndife, koma mfundozo ndi zake. Takokani muone."

A Mwale anakoka luzi lija, osasuntha. Anaugwedeza mtolo, osagwa ndi kaudzu kamodzi komwe, pamene mitolo ya magulu ena inkafika itatha theka, ina itamwazika m'njira. Esinati anali ataphunzira mfundozo poonera bambo ake akusoka ukonde. Kenaka a Mwale anati bodza salifuna, ndipo chilango chathu atatufe chinali kusesa bwalo. Koma Esinati anamukhazika pamthunzi kuti azimanga timitolo ta ofolera, ife tizimumwetera poyera, osabisalanso. Madzulo anamutumiza kwa akazi awo, amene anamuzula matekenya ndi phini n'kuthiramo parafini. Lachisanu mitolo yathu inakwana makumi awiri. Kwa bambo ake sikunafike mawu alionse, ndipo Esinati anaphunzira mpaka Sitandade 3. Lero ndi iye amene amawerengera amayi a m'mudzi makalata ochokera ku Joni.

Panopa sukulu ija anaifolera ndi malata. Ana samwetanso udzu, dandaulo lawo n'lakuti mvula ikagwa samva aphunzitsi chifukwa cha phokoso, ndipo ine ndimakondwa nazo. Koma sabata yatha mwana wanga woyamba anabwera atakwinya nkhope, ati pothirira dimba la sukulu amuika ndi mnzake wochedwa. Sindinamukalipire. Ndinangomufunsa kuti mnzakeyo amatha chiyani. Anati sakudziwa, sanamufunsepo. Ndinamuuza kuti mawa akayambe wafunsa, madzi akatunge pambuyo.