Ndinawononga zithunzi za amalume

Inu owerenga, ndinawononga ntchito ya manja a amalume anga, ndipo palibe njira yoibwezera.

Nditamaliza maphunziro a komputadolo ku Tete ndinabwerera kwathu ku Ulongwe, n'kuyamba kupanga masewera a pa foni. Wosewera amapalasa njinga yonyamula kachewere kuchokera ku Domwe mpaka ku Kalomwe. Zithunzi ankajambula ndi amalume, mphunzitsi wopuma wa ku mishoni, pa tabuleti yanga. Nkhope zonse zinali za anthu amene anabwerera nawo kuchokera ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo ya ku Mozambiki kuno itatha, ambiri mwa iwo anatisiya kale.

Masiku amenewo ndimawasowa. Tinkakhala pakhonde tikuwothera dzuwa la mu Juni. Akamaliza kujambula mayi wogulitsa mapichesi, ankandiuza dzina lake, mudzi wake, ngakhale kasekedwe kake.

Malamulo oyendetsa masewerawo ndinkawasunga mu Git, pulogalamu imene imakumbukira kusintha kulikonse kuti ukalakwitsa ubwerere m'mbuyo. Koma zithunzi sindinaikemo. Ndinkati n'zolemera, zindithera mega a intaneti. Zinangokhala pamalo amodzi mu komputadolo, ndipo tabuleti ikadzaza ndinkafufuta za m'menemo.

Tsiku lina ndinafuna kuti masewerawo azitseguka pa mafoni ang'onoang'ono. Ndinachepetsa zithunzi zonse nthawi imodzi, osazindikira kuti zatsopanozo zikulowa m'malo mwa zoyambirira. Potsegula ndinapeza nkhope zasanduka timadontho, maso ndi makwinya osaonekanso. Git inabweza zolemba zanga zonse, koma chithunzi ngakhale chimodzi ayi.

Ndinkati amalume ajambulanso. Koma chaka chomwecho anadwala matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja n'kuleka kugwira. Nditawaululira n'kuwaonetsa zithunzizo pa foni, anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndani, mphwanga?" anandifunsa, akuloza kadontho kena.

Anali mayi wa mapichesi uja.

Inu amene mumapanga masewera, musamvere zoti zithunzi ndi mawu ojambulidwa n'zolemera. Zisungeni pamene mbiri yake ikusungidwa, ndipo ngati sizikwana mu Git, pezani pena, bola choyambirira chisakhudzidwe. Malamulo a pulogalamu mutha kuwalembanso mawa, koma dzanja la wojambula silidikira.

Masiku ano ndimakhalabe ndi amalume pakhonde paja. Amatchula mayina a anthu aja mmodzimmodzi, ine n'kumangomvetsera, poti nkhope zawo zatsala m'mutu mwawo mokha.