Zimene achemwali anaona ku Lizulu

Loweruka masana mwana wanga anandiperekeza kukaona chinyumba chakale chonga cha mafumu kuno ku Toronto, kuti ndipepukidwe pa imfa ya achemwali anga. Alendo ankangolowa maso ali m'mwamba, akujambula.

Ndinakumbuka ulendo wathu wa ku Lizulu ndili kamwana, kumwambo wa Inkosi, mfumu yathu yaikulu. Amayi anatiuza kuti, "Inkosi ikamadutsa mugwade, maso pansi." Ine ndinkayesa woyang'ana amachita khungu, choncho ndinangoona fumbi ndi mapazi ong'aluka, zishango zikugunda. Achemwali anasuzumira.

"Mwaona chiyani, achemwali?"

"Ndidzakuuza ukadzakula, wamantha iwe."

Ndinakula, koma sindinawafunsenso. Masiku ano Lamlungu lililonse ndimaimbira foni alongo anga otsala ku Ntcheu, n'kumawafunsa zakale.