Pakamwa pa Chanaze

Tsiku limenelo tinali pansanja m'munda wa mapira, ine ndi mlamu wanga Chanaze, tikupirikitsa mbalame. Mapira anali atayamba kufiira. Chanaze ankakoka chingwe chomangirira zigoba za nkhono, ine ndinkakuwa. Dzuwa lisanafike pamutu, mbalame zonse zinauluka kamodzi popanda wozikuwira. Kenako tinamva mfuti kumbali ya kumudzi.

Mudzi wathu unali m'dziko la Apwitikizi. Chaka chimenecho anthu a kumwera anakana chibalo n'kunyamula zida, ndipo asilikali ankawotcha mudzi uliwonse, wolakwa ndi wosalakwa womwe. Mwamuna wanga Zuze anali atatengedwa kale kukasenza katundu wa asilikaliwo. Pakhomo tinatsala atatu: apongozi anga aamuna, amene mkazi wawo anali atamwalira, mwana wawo wamkazi Chanaze, ndi ine mtengwa watsopano.

Apongozi anatipeza m'munda momwemo, atanyamula nkhwangwa ndi kathumba ka nsomba zouma. Sitinabwerere kunyumba. Nkhuku yanga inali ikukhalira mazira pansi pa nkhokwe. Ndinaiganizira njira yonse ngati munthu wopanda nzeru.

Chanaze anali wa msinkhu wanga, wamiyendo yaitali, wapakamwa. Chinsinsi kwa iye chinali ngati madzi m'lichero. Koma changa anasunga. Ndinali ndi pakati, ndipo iye anazindikira tikusamba kumtsinje. Kwathu pathupi poyamba sipatchulidwa mpaka amayi akuluakulu atabwera kudzakulangiza. Mwini wake sanena, ndipo pamaso pa amuna sipanenedwa n'komwe. Ankati ukatchula msanga, afiti amamva. Ndinamulumbiritsa. Ndikasanza m'mawa, iye ankangondigunda ndi chigongono n'kumaseka.

Tinalowera kumpoto, ku mtsinje wa Ruo. Tinamva kuti tsidya linalo, kwa Angerezi, asilikali safikako. Njira inali ya matope okhaokha. Tinkazula nyika, mizu ya zomera za m'madzi, m'madambo n'kumatafuna zosaphika, nsomba tikusungira kutsogolo.

Pamudzi wina wopsa tinapeza mbuzi yomangidwa pamtengo. Inali itadya udzu wonse mozungulira mpaka kufika padothi. Apongozi anaimasula. Inatitsatira pang'ono, kenako inabwerera kumtengo kuja.

Ruo tinaupeza utadzaza, madzi ake ofiira, ukukokolola mitengo. Pagombe panali anthu ambiri, koma bwato linali limodzi. Mwini wake anali Mmang'anja wa tsidya linalo, munthu wa imvi, wosakonda kulankhula. Anali ndi muyeso wake. Anthu akakwera, ankagwira m'mphepete mwa bwato zala zikuloza pansi. Madzi akakhudza zalazo, wina ankayenera kutsika. Sankakangana ndi munthu. Ankangokhala phee, nkhafi ili pamiyendo, mpaka wina atatsika.

Nthawi yathu inakwana masana, mfuti zikumveka pafupi. Tinakwera tonse atatu pamodzi ndi amayi ena ndi ana awo. Mwini bwato uja anagwira m'mphepete. Anatukula dzanja, zala zikudontha madzi.

Apongozi sanandiyang'ane, pakuti mwambo sulola. Analankhula maso ali pamadzi. "Mtengwa atsike. Abwera ulendo winawo."

Sindinawaone ngati oipa, ndipo ngakhale lero sindiwaona choncho. Chibale ndi fupa. Mwana wawo wamwamuna anali atatengedwa kale, ndipo wotsala anali mmodzi yekhayo. Ndinatsitsa mwendo umodzi m'madzi.

Chanaze anandikoka nsalu. "Baba, mukutsitsa anthu awiri," anatero mokweza, gombe lonse likumva. "Mlamuyu ali ndi pakati. Mwana wa achimwene ali m'mimbamu."

Amuna anatembenuza nkhope. Mayi wina anagwira pakamwa. Ine thupi lonse linatentha ndi manyazi ngati andivula pamsika. Ndinaiwala mfuti, ndinaiwala mtsinje. Pamene ndinkazindikira, Chanaze anali atatsika kale, madzi akumulekeza m'mawondo, akukankha bwato.

"Pakamwa pakopo!" ndinamukalipira. "Unalumbira iwe!"

"Ukandimenyere tsidya linalo," anayankha akuseka.

Sindinacheuke. Mtsinje wonse ndinawoloka nditawerama. Ndinkayang'ana timadzi timene tinkayenda pakati pa zala za kumapazi kwanga, ndikukonza mawu oti ndikamunyoze nawo akafika.

Bwato litangogunda mchenga wa tsidya lino, mfuti zinalira pagombe tinachokalo. Ndi pamene ndinadzutsa mutu. Anthu ankabalalikira m'mabango, ena akudziponya m'madzi. Pa mtunda umenewo sukanatha kuzindikira munthu.

Mwini bwato anadikira kuti mfuti zileke. Anawolokanso dzuwa litapendeka, apongozi ali momwemo. Anabwerako ndi mwana wa eni ake amene anamupeza akulira m'mabango, ndiponso mphasa imodzi. Chanaze sanamupeze, wamoyo kapena wakufa.

Madzulo apongozi anamasula kathumba kaja. Munatsala nsomba zitatu. Anatenga imodzi. Ziwirizo anaziika patsamba n'kukankhira kumbali kwanga, akuyang'anabe kwina. Ndinadziwa kuti inayo inali ya yani. Ndinadya zonse ziwiri. Ndinali ndi njala.

Anthu a kwa Mlolo anatipatsa malo omanga ndi dimba. Mwana anabadwa nthawi ya dzuwa, wamwamuna. Zuze anatipeza chaka chotsatira, atawonda koma wamoyo. Apongozi ankapita kudoko la Chiromo kukafunsa aliyense wochokera tsidya lija, mpaka miyendo inawakana. Sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi. Mdzukulu wawo ankamunyamula paphewa, n'kumamuimbira nyimbo za kwathu. Akanangonditonza kamodzi, mwina mtima wanga ukanapepukako.

Ndinabatizidwa mwanayo atayamba kuyenda. Inu adzukulu anga, ndikufuna mudziwe kuti Mulungu wandichitira zabwino zambiri. Wandipatsa ana, ndi ana a ana, nyumba yaphokoso. Madzi osefukira agwetsa nyumba yanga kangapo, koma sanatengepo munthu. Dimba silinandikanepo, ngakhale chaka cha dzombe. Maso akadaonabe diso la singano. Pa Sabata la masika ndimasenza ndekha dengu langa la mapira kupita kutchalitchi, ndipo poimba atsikana sandiposa.

Kuthokoza kwanga n'koona. Koma ndimathokoza ndi manyazi. Munthu amene anayenera kukalamba tsidya lino anali atakhala kale m'bwato, bambo ake atamusankha. Ine ndinamulipira ndi mkwiyo, ndipo nkhope yake sindinaiyang'ane. Abusa anandiuza kuti kupulumuka si tchimo. Ndinavomera ndi mutu, koma mtima sunamve.

N'chifukwa chake mukandimva ndikupemphera, mumamva zikomo kawiri. Woyambayo ndi wa Mulungu. Wachiwiriyo ndimamupempha akapereke kwa Chanaze, popeza ndi Iye yekha akudziwa kumene anagona.