Akaunti Yanu Ikadali pa Seva

A NyaJere, lero abwana andiuza kuti ndifufute akaunti yanu pa seva ya Linux, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a ku ofesi, poti chaka chakwana chimwalirireni inu. Manja anga akana.

Ndakumbuka tsiku lomwe seva inakana kuyaka magetsi atathima mwadzidzidzi, mafayilo a alimi a ku Manyamula ali momwemo. Ine ndinkafuna kungofufuta zonse n'kuyambiranso. Munandigwira dzanja n'kuti, "Iwe, khala pansi. Makina akadwala amalemba okha chomwe chawapweteka. Werenga kaye." Tinawerenga limodzi mpaka tinapeza kamzere kamodzi kolakwika, ndipo palibe fayilo yomwe inatayika. Inu munangoseka n'kunena m'Chitumbuka chanu kuti, "Mbwenu," kutanthauza kuti basi, zatha.

Pumulani, anzanga. Akauntiyo ndangoitseka, abwana andikalipire akafuna. Ndinu nomwe munandiphunzitsa kuti kufufuta sathamangira.