Andigulitsa Buku la Anthu Amaliseche Kuti Ndiphunzitsire Mdzukulu

Andichititsa manyazi pamaso pa mpongozi wanga, ine munthu wa imvi. Amene achita zimenezi ndi a sitolo ya mabuku ija yopaka penti yachikasu, kumtunda kwa msika. Dzina sinditchula, mukuidziwa nonse. Pepalali ndalemba ndekha kuti liwerengedwe pa msonkhano wa bairu, dera lathu lino. Amene ukuwerengawe kweza mawu, akumbuyo amve.

Ndine Jeremiya wa ku Nhartanda, wogulitsa mbuzi. Kwathu ndi ku Angoniya. Nkhondo itatithamangitsa tinakakhala ku msasa ku Malawi. Mtendere utabwera tinatsikira kuno ku Tete chifukwa mwana wanga anapeza ntchito yokonza misewu. Iye ali kutali ndi magalimoto a phula, amabwera mwa apo ndi apo. Pakhomo tilipo ine, mkazi wake amene ndi mpongozi wangayo, ndi mdzukulu wanga Rozita.

Rozita ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Miyendo yake inafota ndi poliyo tili ku msasa, amayenda ndi ndodo ziwiri. Mutu wake ndiye wakuthwa, amafunsa mafunso mpaka ndimathawira ku khola. Sukulu ili kutali ku Muthemba, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Anayesa kupita, amafika anzake akuweruka. Aphunzitsi a Alubino, munthu wabwino, anabwera pakhomo n'kutiuza kuti timuphunzitse kunyumba za kalasi yachitatu, chaka chikamatha tibwere naye alembe mayeso pamodzi ndi anzake. Akakhoza adzalowa kalasi yachinayi pa sukulu yatsopano imene akumanga pafupi ndi ife. Akalephera, malo apita kwa wina. Ana obwerera kuchokera ku misasa ndi ambiri, mipando ndi yochepa.

Amake anaphunzira ndithu ku msasa, ndiye masamu ndi Chipwitikizi akumuphunzitsa okha pansi pa mtengo wa masau. Chinatsala ndi sayansi, imene kuno amati siyensiya. Imeneyi anati sangaphunzitse za m'mutu, pafunika buku. Kusukulu ana amachita kuunjikana pa buku limodzi, sangatibwereke. Ndinati chabwino, ndigula ine. Ndinagulitsa tonde wanga wamkulu, amene ndimasungira Khirisimasi.

Lolemba m'mawa ndinavala jekete n'kukwera kumtunda. M'sitolo ndinapeza mtsikana akupaka zikhadabo. Ndinapereka moni. Anayankhira m'mphuno.

"Mukufuna chiyani, madala?"

Madala! Msinkhu wa mdzukulu wanga, koma madala. Ndinameza. Ndinamufotokozera zonse, za miyendo, za mayeso, za kalasi yachitatu. Ndinamuonetsa ndi dzanja kuti mwanayo amafika apa. Anatsitsa mabuku atatu, onse omatidwa m'pulasitiki ngati mchere wa chithandizo.

Ndinati tsegulani ndione zithunzi.

"Sititsegula. A patarau, eni sitolo, analetsa. Anthu amadetsa ndi manja."

Ponena choncho amayang'ana manja anga. Manja amene anabereka ana kuwoloka nawo malire zipolopolo zikulira. Lero akuti adetsa pepala.

Ndikufunseni inu nonse amene munagulapo mbuzi kwa ine. Ndinakuletsanipo kuitsegula kukamwa? Mumaona mano, mumagwira msana, mumainyamula kuti mumve kulemera, ena mpaka kuinunkhiza. Ndinauzapo munthu kuti lipira kaye, mano ukaonere kunyumba? Nanga buku likuposa mbuzi ndi chiyani?

Ndinafunsa kuti la kalasi yachitatu ndi liti.

"Onsewa ndi a siyensiya."

Ndinati ndamva, mwana wanga, koma lomuyenera ndi liti.

"Sankhani nokha, madala. Pali anthu kumbuyo kwanu."

Ndinacheuka. Kunalibe munthu. Galu yekha atagona pakhomo.

Ine Chinyanja ndimawerenga, pang'onopang'ono, cha m'buku la nyimbo. Chipwitikizi ndimalankhula cha pamsika, koma cholembedwa chimandidutsa. Sindinabise, ndinamuuza poyera kuti maso anga pamenepa ndi iweyo. Anangokweza mapewa n'kuuzira zikhadabo. Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinawanyamula limodzilimodzi. Koyamba kanali kopyapyala, kopanda thupi. Lachiwiri lapakatikati. Lachitatu linali lonenepa, lolemera bwino, chikuto cholimba. Ndinati mdzukulu wanga wasowa kale miyendo, asasowenso buku lokhuta.

Ndinafunsa kuti ili lili ndi zonse?

"Zonse. Mpaka zotsala."

Ndinafunsanso kuti mwana wamng'ono alimva?

"Akalimbikira."

Ndalama ndiye analandira mofulumira, zikhadabo zisanaume. Tonde yense anathera pomwepo.

Tsopano mverani zimene zinachitika kunyumba. Kwathu mpongozi sumuyang'ana m'maso. Sudya naye pamodzi. Mukakumana panjira amapatuka n'kugwada. Ku msasa umphawi unatigoneka m'hema limodzi, koma ulemu umenewu sitinautaye, tinapachika bulangete pakati. Tsiku limenelo, chifukwa cha chimwemwe, ndinamuitana kuti ayandikire, poti mphunzitsi ndi iyeyo. Anagwada chapambali. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzaona, a Dominga ndi amuna awo, ndi ena odutsa. Ndinakhazika Rozita pamwendo. Ndinadula pulasitiki ndi mpeni wanga. Ndinatsegula pakati.

Mwamuna. Ataima chilili. Wopanda kanthu m'thupi, ngakhale kansalu. Mbali ina khungu atalisenda ngati mbuzi ya pa ukwati.

Ndinatembenuza msanga tsamba. Mkazi. Mimba atang'amba, mwana ali m'kati chozondoka, ndi zina zonse zimene sindingalembe pano.

Rozita anati, "Agogo, bamboyu zovala anamulanda ndani?"

A Dominga anagwa pansi ndi phwete, chitenje chawo cha kapulana chili kukamwa. "A Jeremiya, sukulu yake ndi imeneyi? Tilembeni nafenso, tizibwera m'mawa!"

Mpongozi wanga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Madzulo anatuma mwana kudzandiuza kuti pachikuto palembedwa kuti bukuli ndi la ophunzira unamwino. La manesi! Anthu akuluakulu a kuchipatala! Kuyambira tsiku limenelo akandimva ndikutsokomola pabwalo amatseka chitseko. Sukulu ya pansi pa mtengo imayamba ine ndikachoka. Pakhomo panga pomwe ndikuyenda ngati mbala. Ndikamadutsa pa mpope amayi amagwirana m'nthiti n'kumati adokotala akudutsa.

Lachiwiri ndinabwerera nalo. Mtsikana yemwe uja. Analiyang'ana osaligwira.

"Mwatsegula."

Ndinati eya ndatsegula, kodi buku amawerenga lotseka?

"Lotsegula sitilandira. A patarau analetsa."

Mwamva? Usanagule sutsegula. Ukatsegula subweza. Ndiye munthu adziwe bwanji chimene wagula? Alote? Apite nalo kwa sing'anga akaombeze?

Ndinati ndiitanireni a patarau akewo. Anati apita ku Beira. Lachitatu ndinapitanso. Anati akadali ku Beira. Galimoto yawo ili panja, mwana akuitsuka. Kapena ku Beira masiku ano amapita pansi? Lachinayi anati akupuma, dokotala anawaletsa phokoso. Ndinati auzeni kuti dokotala wina wabwera ndi buku lake. Sanaseke. Anakweza wailesi.

Masiku onsewa mbuzi zanga zili m'khola, msika ukudutsa.

Lachisanu sindinalowe. Ndinakhala pakhonde la sitolo, pambali pa chitseko, n'kutsegula bukulo pa tsamba lija, kuloza kumsewu. Manyazi anali atandithera kale kunyumba. Aliyense wobwera kudzagula ndimamuuza kuti taonani, makolo, buku la mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, akugulitsa muno. Mawu anga mumawadziwa, ndikaitana mbuzi ku Nhartanda zimamva tsidya la Zambezi. Anthu anadzaza. Mayi wina anatseka mwana wake m'maso n'kubwerera. Woyendetsa lole wina wa ku Malawi anati, "Achimwene, limeneli mugulitse kwa ife, tizionera panjira." Ndinamuuza kuti apite akasambe.

Posakhalitsa a patarau, amene anali ku Beira aja, anatulukira pa chitseko cha kumbuyo akutafuna.

"Papa, papa, tisachite phokoso. Lowani tikambirane ngati anthu."

Lero ndasanduka papa. Mpando unapezeka. Ngakhale madzi akumwa anapezeka. Anati pepani, mtsikanayu ndi watsopano, tikusinthirani. Anamuuza kuti atsitse la kalasi yachitatu.

Mtsikana anati, "Latha. Linali kaja kopyapyala. Ndinagulitsa Lachitatu."

Ndinaima. Ndinati bwereza. Kaja kopyapyala? Ndiye kuti umadziwa? Lolemba umadziwa kuti ndi kameneko, ine ndikukufunsa kawiri katatu? Lachiwiri nditabwera kanali pashelefu kakundiyang'ana? Lachitatu ine ndikutuluka, iwe n'kugulitsa kwa wina?

Anati ine ndinasankha ndekha.

A patarau anati zachitika zachitika, tengani lapakatikatili. Ndinafunsa kuti ndi la kalasi yanji. Anati yachisanu ndi chimodzi, mwana adzalipeza kutsogolo. Kutsogolo kwake kuti, ngati pakhomo la kalasi yachinayi salowa? Ndinati bwezani ndalama zanga ndikafune kwina, kaya ku Moatize. Anati ndalama zikalowa m'kaisha, bokosi lawo la ndalama, sizituluka, ndi lamulo. Lamulo la ndani? Kaisha ndi manda? Anati atha kundipatsa makope ndi mapensulo a ndalama zomwezo. Makope a tonde wathunthu! Mwana alembemo chiyani, poti choti alembe ndi chimene chikusowa?

Pomaliza anati mabuku ena akubwera ndi lole yochokera ku Beira. Ndinafunsa kuti liti. Anati posachedwa. Ndinati posachedwa ndi tsiku lanji. Anati misewu ndi yoipa, papa, mukudziwa nkhondo. Nkhondo asandiuze ine. Mwana wanga ndi amene akukonza misewuyo. Mowa wa m'mabotolo ukufika bwanji tsiku lililonse pa msewu womwewo?

Ndinakana makope awo. Buku la manesi ndinabwerera nalo, ndalikulunga m'thumba la chimanga, lili pamwamba pa denga la khola kuti mwana asalifikire.

Masau atha m'mitengo. Kutentha kwayamba. Mvula ikamayandikira mayeso afika, ndipo Rozita sanaonepo tsamba limodzi la sayansi ya kalasi yake. A Alubino ayesetsa, amamuuza amake mitu ya zophunzira, za mbewu, za madzi, za nyama. Koma mitu yokha si buku, mayeso safunsa mitu.

Ndiye ndikufunsa pamaso pa bairu yonse, a sekeretariyu, mkulu wa bairu, amve. Ndani analola sitolo kugulitsa chinthu chimene wogula saloledwa kuona? Ife amene nkhondo inatilanda sukulu, tikalowa m'sitolo tiziyesedwa zitsiru? Mtsikana amene akudziwa buku loyenera n'kukhala chete kuti lodula lituluke, ameneyo timutche chiyani? Mdzukulu wanga akataya malo pa sukulu yatsopano, a patarau adzamutsegulira yawo?

Inu makolo amene mukuphunzitsa ana kunyumba, kaya chifukwa cha matenda, kaya malo anasowa, musapite nokha m'sitolo imeneyo. Tengani munthu wowerenga Chipwitikizi. Aphunzitsi akulembereni dzina la buku papepala. Akakana kutsegula, tulukani ndi ndalama zanu. Ndipo ngati alipo amene mwana wake anamaliza kalasi yachitatu, buku lili m'sutukesi likudyedwa ndi mphemvu, ndibwerekeni. Ndidzalikutira bwino, ndidzabweza ndi manja awiri.

A sitolo amve izi. Lolemba ndikubweranso pakhonde panu, ndi Lachiwiri lomwe, mpaka buku la kalasi yachitatu kapena ndalama zanga. M'mawa uno Rozita wandifunsa ngati adzalembabe mayeso ndi anzake. Ndamuuza kuti adzalemba. Mwana ameneyu sindinamunamizepo chibadwire, ndipo sindiyamba chifukwa cha inu.