Timasache ta m'lalanje

Lero ndapeza lalanje lochita chuku m'dengu, ndipo fungo lake landibwezera ku Zingwangwa. Amayi ankagulitsa malalanje pamsika. Tsiku lina malalanjewo ataola, amayi anati ndinawanyowetsa ndine.

Amalume, omwe ankaphunzitsa sayansi, anapala chuku chobiriwiracho n'kunditengera kusukulu kwawo kukachiona pa maikulosikopu. Ndinaona timasache tambirimbiri, kunsonga kwake kuli timikanda tondondozana.

"Chuku cha mtundu uwu timachidziwira timasacheti," anatero. "Timikandato ndi mbewu zake, zimabwera ndi mphepo. Mayi ako asakukalipirenso."

Za mphepozo sindinazimve. Sabata yonse ndinkasuzumira m'malalanje, kudikira kuona eni ake a timasacheto akusesa.

Pano ndazindikira kuti amalumewo sankandiphunzitsa sayansi ayi, ankangondichotsa mlandu.