Mulu wa Mapesi wa a Fackson

A Fackson Tembo anabwerera kwawo ku Sinda mu 1976, atagwira ntchito ku migodi zaka khumi ndi zisanu. Anabwera ndi chifuwa chosatha, nagula ng'ombe ziwiri zolimira.

Chilimwe chilichonse ng'ombezo zinkaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mapesi analipo ambiri, koma zinkangobudula masamba, mitengo yake youma gwa n'kuisiya.

Chaka china mulu wa mapesi unaiwalika pansi pa mtengo wa mango mpaka mvula inaugwera. A Fackson ataufukula anapeza ulusi woyera utayanga m'kati, timabowa titamera m'mbali. Phesi linkafumbutuka m'manja ngati chinangwa chophika. Ng'ombe zinadya osasiyako.

Mlangizi wa zaulimi, a Moffat, atafika pa njinga ananunkhiza phesi limodzi.

"Bowayu amadya chimene chimalimbitsa phesi," anatero a Moffat. "Chotsalacho mimba ya ng'ombe imachigaya bwino. Ndibwera ndi akuluakulu a ku Chipata adzaone."

Sanabwerenso. Zinamveka kuti anawasamutsira kwina.

A Fackson anapitiriza okha. Akakolola, ankaduladula mapesi ndi chikwanje, kusakaniza ndi ovunda a chaka chatha, kuthira madzi, n'kufunditsa masamba a nthochi. Madziwo ankachokera kudambo, mtunda wa ola lathunthu. Pa miyulu isanu, iwiri yokha ndiyo inkayera. Ina inkada bii n'kumanunkha, ndipo tsiku lina ng'ombe imodzi inatupa mimba itadyako wakudawo. Anzawo ankangotentha mapesi awo, madzulo n'kukakhala ku mowa.

"Bambo, madzi akumwa ndikusenza ndine, a zinyalala zanu ndinenso?" anadandaula akazi awo, a Elina, dambo litauma mu 1987, madzi akutungidwa kutali.

"Chaka chino chokha, mayi."

Mawu amenewo anali atawanena kale kanayi. A Elina anangotula ndowa, nakakhala pakhonde atatambalala.

Ng'ombe zinapulumuka chilala chimenecho, za ena zikugwa m'makola. Koma mvula itabwera, a Fackson sanathenso kugwira pulawo. Ankatsokomola mzere usanathe. Munda anaulima a Filimoni, mlamu wawo, ndi ng'ombe zomwezo.

Atamaliza, a Filimoni anapempha mapesi ovunda odzaza dengu, akayesere kwawo. A Fackson anayamba kufotokoza za madzi ndi mthunzi, koma mpweya unawathera pakati. Anangoloza mulu woyerawo ndi ndodo.

"Tengani apo. Wakudawo musaukhudze."